Galimoto yanu ikumwa mafuta? Yambani mwayeza musanalipire makaniko

Masiku ano si zachilendo kumva kuti mayi ali ndi galimoto. Ena mwa inu munagula Sienta kapena Probox ndi ndalama za penshoni, ena ndi ngongole ya ku banki mkhonde, n'kuipereka kwa mnyamata kuti azinyamula anthu pakati pa tawuni ya Zomba ndi Songani, Thondwe kapena Jali. Kwa ena ndi galimoto ya pabanja yomwe bambo anasiya kapena mwana anatumiza kuchokera ku Joni, ndipo ndi yomwe anthu amagogodera usiku mayi woyembekezera akafunika kuthamangira naye ku Zomba Central. Zambiri mwa galimotozi ndi zakale. Zinayenda kale zaka zingapo ku Japan zisanatsike pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kuno zawonjezera zina m'misewu yathu yafumbi.

Dandaulo la eni ake limakhala limodzi: ikumwa mafuta. Mawu awiriwa adanitsa anthu ambiri. Mwini galimoto amaganiza kuti dalaivala akumubera, dalaivala amati galimoto yatha, makaniko naye amati bweretsani ndalama tisinthe chakuti ndi chakuti. Mafutawo ndiye sakutsika. Mu November 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo kukwerako sikunathere pomwepo.

Komabe mukawafunsa odandaulawo kuti galimoto yawo ikuyenda makilomita angati pa lita imodzi, ambiri sayankha. Amangoti "ndinathira a K20,000 koma sanachedwe kutha." K20,000 ya chaka chino sigula malita omwe inkagula zaka zapitazo, choncho kuwerengera m'ndalama kumanamiza. Singano ya geji nayo si mboni yodalirika. Mu galimoto zambiri imachedwa kuchoka pamwamba, kenako imathamanga ikadutsa pa theka, ndipo mukaima pa chitunda ngati cha ku Old Naisi imaonetsa zina, pa malo osalala zinanso.

Kayezedwe kake

Mukufunika kope la ana asukulu ndi cholembera basi. Pitani pa malo omwetsera mafuta, dzadzitsani thanki mpaka pampu itadziimitsa yokha, ndipo muwauze omwetsawo kuti asawonjezere kapena kugwedeza galimoto. Lembani nambala ya makilomita yomwe ili pa dashibodi. Yendani monga mwa masiku onse mpaka mutakwanitsa makilomita 200 kapena 300. Bwererani pa pampu yomwe ija, dzadzitsaninso chimodzimodzi, ndipo mulembe malita omwe alowa ndi nambala yatsopano ya makilomita. Gawani makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe alowa kachiwirika. Ngati mwayenda makilomita 240 ndipo mwalowa malita 24, galimoto yanu ikuyenda makilomita 10 pa lita.

Si onse angakwanitse kudzadza thanki, ndipo mafuta akamasowa omwetsa amaika malire. Zikatero lembani m'kope lita iliyonse yomwe yathiridwa kwa mwezi wathunthu, pamodzi ndi makilomita a tsiku loyamba ndi a tsiku lomaliza. Yambani ndi kumaliza singano ili pa malo amodzimodzi. Mwezi ukakhala wathunthu, kulakwitsa kwa geji kumachepa mphamvu.

Galimoto yaing'ono ya injini ya malita 1.3 kapena 1.5, monga Vitz, Sienta, Probox kapena Corolla, ikakhala bwinobwino imatha kuyenda makilomita 13 mpaka 16 pa lita pa msewu wa tala ngati wa M3 wopita ku Blantyre kapena ku Liwonde. M'tawuni, poimaima ndi kunyamuka, imatsika kufika pa 10 kapena 12. Manambala omwe ogulitsa amaonetsa pa intaneti musawatengere, anayezedwa galimoto ili yatsopano, ilibe katundu.

Tiyerekeze kuti galimoto yanu imayenda makilomita 1,500 pa mwezi. Pa makilomita 13 pa lita ifuna malita 115. Ikatsika kufika pa 9 ifuna malita 167. Kusiyana kwake ndi malita 52, omwe ngakhale pa mtengo wakale uja wa K2,530 ndi ndalama zokwana pafupifupi K130,000 mwezi uliwonse. Imeneyo ndi fizi ya mwana kapena thumba la feteleza lomwe likutuluka ku ekizozi.

Phiri lili ndi mtengo wake

Musanaimbe mlandu injini kapena munthu, onani kumene galimotoyo imayenda. Tawuni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe pamwamba pa phiri imapitirira mamita 2,000. Galimoto yokwera ku Ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi imakhala pa giya yachiwiri kapena yachitatu pafupifupi njira yonse, m'makhotakhota osalola liwiro. Pamenepo imatha kumwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi msewu wosalala, ndipo palibe chomwe chawonongeka. N'chimodzimodzi ndi msewu wafumbi wa ku Kachulu galimoto itadzaza matumba a mpunga ndi madengu a matemba. Sienta inapangidwira anthu 7. Mukaikamo 11 ndi katundu pa denga, mafuta a anthu owonjezerawo alipiridwa ndithu, pamodzi ndi matayala ndi masipuling'i.

Pamwamba pa phiri mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi m'tawuni. Galimoto za jekiseni, zomwe zili ndi kompyuta yoyeza mafuta olowa mu injini, zimadzikonza zokha. Zakale kwambiri za kabyuleta, monga mapikiapu ena onyamula matabwa ndi mbatata kuchokera kuphiri, sizidziwa kuti mpweya wachepa. Zimathira petulo yemwe uja, ndiye zimafooka ndi kutulutsa utsi wakuda.

Potsika ndi pomwe pali bodza lomwe madalaivala ambiri amalikhulupirira, loti kuika fili kumapulumutsa mafuta. Mu galimoto ya jekiseni ndi zosiyana. Ikakhala mu giya, phazi litachoka pa moto, kompyuta imatseka mafuta ndipo matayala ndi omwe amazunguza injini. Mukaika fili, injini imafunika petulo kuti isazime. Choopsa n'chakuti pa fili galimoto yonse imatsamira pa mabuleki okha, ndipo pa mtsetse wautali ngati wochokera ku Ku Chawe mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Ena amafika pozimitsa injini. Akatero buleki imalimba ngati mwala mukaiponda kawiri katatu, chiwongolero nacho chimauma. Muuzeni dalaivala wanu, kaya ndi mwana wanu kaya ndi bambo a kunyumba, kuti potsika phiri aziika giya yachiwiri. Pa otomatiki aike pa 2, L kapena B malinga ndi zomwe zalembedwa pa galimotoyo. Mukakwera galimoto ya ena n'kumva injini yati zii pa mtsetse, yankhulani, musachite manyazi.

Zomwe mungaone nokha

Ngati kope laonetsa kuti galimoto ikumwadi mopitirira, yambani ndi zinthu zosalira ndalama.

Tsegulani chitseko cha dalaivala, mupeza kapepala komata kolembedwa mpweya woyenera wa matayala. Kwa galimoto zing'onozing'ono umakhala pakati pa 2.2 ndi 2.4 pa geji yopopera. Yezetsani m'mawa matayala asanatenthe, kawiri pa mwezi. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Tayala lofooka limawonjezera malita 2 kapena 3 pa malita 100 aliwonse, zomwe si zambiri, koma limathanso msanga ndipo limaphulika mosavuta. Onaninso ngati matayala akutsogolo akudyeka mbali imodzi. Ngati ndi choncho mawilo sakuyang'ana kumodzi, mwina chifukwa cha maenje, ndipo akufunika alaimenti.

Kenako mabuleki. Yendani makilomita angapo pa malo osalala osaponda buleki kwambiri, imani, ndipo yandikizani dzanja pa wilo lililonse osaligwira. Limodzi likatentha kuposa anzake kapena likamanunkha kupserera, buleki yake ikugwira yokha, ndipo injini ikukoka galimoto yomangidwa mwendo. Izi zimachitika kawirikawiri m'galimoto zodutsa m'matope nthawi ya dzinja, chifukwa dzimbiri limaumitsa tizitsulo ta buleki ndi waya wa handibuleki.

M'mawa, musanalize injini, suzumirani pansi pomwe galimoto yagona. Petulo amauma msanga, choncho mphuno ndiyo imathandiza kuposa maso. Fungo la petulo pafupi ndi thanki kapena mukatsegula boneti likutanthauza kuti paipi yang'ambika, thanki yabooka ndi miyala, kapena chitsekerero cha thanki chatha labala. Galimoto yotere isayende mpaka itakonzedwa, chifukwa nkhani yake yasanduka ya moto.

Pa galimoto za otomatiki zakale za Toyota ndi Nissan pali kabatani pambali pa ndodo ya magiya. Kakadinidwa, pa dashibodi pamayaka mawu oti O/D OFF, ndipo galimoto siilowa giya yomaliza. N'kothandiza pokwera kapena potsika phiri, koma munthu akaiwala n'kuyenda nako mpaka ku Limbe, injini imalira pamwamba njira yonse. Anthu alipirapo amakaniko chifukwa cha kabatani kameneka. Pa galimoto ya magiya a manja, mukaponda moto pa chitunda injini n'kulira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, klatchi yatha.

Palinso chizolowezi. Injini yaing'ono yongolira galimoto itaima imamwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola. Dalaivala wodikira anthu pa siteji injini ikulira kuti aoneke ngati akunyamuka, pa sabata amawotcha malita angapo osasuntha. Kutenthetsa injini mphindi 15 m'mawa n'kosafunika, ngakhale mu June. Mphindi imodzi yakwana, kenako nyamukani pang'onopang'ono. Ndipo musalize injini m'galaja yotseka kapena pafupi ndi zenera la chipinda chogona ana, chifukwa mu utsi wa galimoto muli mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha.

Kachitsulo komwe amakaniko amakonda kutaya

Tsopano tifike pa vuto lomwe lili m'galimoto zambiri zakale kuno kwathu, koma eni ake salidziwa. Pakati pa injini ndi rediyeta pali kachitseko kakang'ono kotchedwa thermostat. Injini ikakhala yozizira kamatseka, kuti madzi asapite ku rediyeta ndipo injini itenthe msanga. Madzi akafika pa madigiri 80 ndi kupitirirapo pang'ono kamatseguka. Ntchito yake n'kusunga injini pa kutentha kumodzi, chifukwa petulo amapsa bwino mu injini yotentha.

Galimoto ikayamba kuwira pa chitunda, amakaniko ambiri amachotsa kachitsekoka n'kukataya, amati ndi ka kumayiko ozizira, kuno n'kosafunika. Ena amalumikizanso fani kuti izizungulira nthawi zonse. Kuwira kumaleka kwa kanthawi, mwini galimoto amathokoza. Koma chomwe chinawiritsa injini nthawi zambiri chimakhala china: rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothira madzi a pa mjigo opanda coolant, chitsekerero cha rediyeta chotha, fani yakufa kapena pampu ya madzi yodyeka.

Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. Injini siifikanso pa kutentha kwake. Kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa, ndiye imawonjezera petulo tsiku lonse, monga momwe tchoko inkachitira pa galimoto zakale. Zili ngati kuphika nyemba pa mphepo mphika wosavundikira: zipsa ndithu, koma makala ake muwamva. Petulo wotsala osapsa amatsuka oyilo m'kati mwa injini n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense, ndipo injini imatha msanga. Ku Zomba kuno, komwe June ndi July amazizira, chiperoni chikaphimba phiri, vutoli limakula kuposa ku Liwonde kapena ku Mangochi.

Mungalizindikire nokha. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, singano ya kutentha iyenera kufika chapakati n'kukhazikika pomwepo. Ikamangokhala pansi, kapena ikamakwera pokwera phiri n'kugwa mpaka pansi potsika, thermostat mulibe kapena inafera potseguka. Galimoto monga Sienta, Vitz ndi Passo zambiri zilibe singano imeneyi. Zili ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira komwe kamayaka injini ikazizira. Kakamachedwa kuzima, kapena kakayakanso muli pa mtsetse, chizindikiro ndi chomwecho. Mankhwala ake n'kugula thermostat yoyenera galimoto yanu, kutsukitsa rediyeta, kuthira coolant ndi kubwezera fani m'malo mwake. Makaniko akakana, mufunseni kuti chinawiritsa injini poyamba chinali chiyani, ndipo anachikonza kapena ayi. Chitsekerero cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amasupula nkhope.

Utsi, mapulagi ndi nyali yachikasu

Imani kumbuyo kwa galimoto wina akuponda moto. Utsi wakuda ukutanthauza kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa, chizindikiro choti injini yadyeka m'kati. Woyera wa m'mawa wozizira, womwe umatha pakapita mphindi zochepa, ndi nthunzi chabe. Ukapitirira tsiku lonse madzi a mu rediyeta n'kumachepa, gasiketi yapsa.

Pemphani makaniko amasule mapulagi muwaone ndi maso anu. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala yotuwira ngati khofi wothira mkaka. Yakuda ndi mwaye wouma ikuonetsa petulo wochuluka, yonyowa ndi oyilo ikuonetsa kudyeka kwa injini. Pulagi imodzi ikafa, injini imanjenjemera ndipo petulo wa chibowo chimenecho amatuluka osapsa. Pogula ena tengani nambala yolembedwa pa akalewo kapena m'buku la galimoto, ndipo chenjerani ndi otchipa kwambiri, achinyengo alipo ambiri pa msika.

Sefa ya mpweya, yomwe amakaniko amati air cleaner, imatsekeka msanga m'misewu ya ku Mayaka kapena Chingale nthawi ya chilimwe. Ikwezeni pa dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, isintheni. Koma musayembekeze zodabwitsa. Pa galimoto ya kabyuleta kapena ya dizilo yakale sefa yotsekeka imamwetsadi mafuta, pomwe pa ya jekiseni imangofooketsa mphamvu, chifukwa kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya.

Chomwe chimamwetsa kwambiri galimoto za jekiseni ndi masensa, tizipangizo touza kompyuta zomwe zikuchitika. Pali ka pa ekizozi koyeza ngati petulo wapsa bwino, ka pafupi ndi sefa koyeza mpweya wolowa, ndi koyeza kutentha kwa madzi. Kamodzi kakanama, kompyuta imasankha kuthira petulo wambiri poteteza injini, ndipo nthawi zambiri imayatsa nyali yachikasu yooneka ngati injini. Tembenuzani kiyi osaliza injini: nyaliyo iyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka konse, wina anaichotsa kapena kuimata, mwina pogulitsa galimotoyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyali ikayaka, kaikitseni galimoto pa kompyuta yoyezera, ndipo nambala ya vuto yomwe yatuluka mulembe m'kope lanu. Nambalayo imaloza dera la vuto, siinena kuti sensa yafa. Nthawi zina ndi waya womwe makoswe atafuna, makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga. Funsaninso ngati wina anadulapo ekizozi. M'kati mwake muli kabokosi kosefa utsi, catalytic converter, komwe kali ndi zitsulo zamtengo wapatali, ndipo pali anthu omwe amakagula. Pokachotsa nthawi zina amawononga sensa kapena kudula waya wake.

Mafuta enieniwo

Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pomwe fakitale ya Ethco inayamba ntchito ku Dwangwa. Pambuyo pake kunabweranso ya PressCane ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo, choncho kusakanizako kumachepetsa makilomita pang'ono. Limeneli si vuto la galimoto yanu ndipo palibe choti mukonze.

Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu ndi nkhani ina. Simudziwa ngati botolo lomwe akuti ndi malita 5 lilidi malita 5, ndipo ena amathiramo palafini kapena mumalowa madzi ndi zinyalala zomwe zimatseka sefa ya mafuta ndi majekiseni. Mwezi womwe galimoto yamwa a m'zigubu musauwerengere poyeza. Kusunga petulo m'nyumba momwe muli mbaula ndi makandulo ndi kuitana ngozi. Anyamata omwe amakoka petulo ndi pakamwa kudzera m'paipi auzeni kuti akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Wina akameza, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka kuti asanze, thamangirani naye ku chipatala. Za mapiritsi oponya m'thanki ndi maginito omanga pa paipi omwe amati amachepetsa mafuta, sungani ndalama zanu.

Popita kwa makaniko tengani kope lija. M'malo mongoti "ikumwa," nenani kuti "inkayenda 13, pano ikuyenda 9, singano ya kutentha siikufika pakati, ndipo wilo lakumbuyo kumanzere likutentha." Makaniko wabwino amakondwa ndi mawu otere chifukwa amufupikitsira ntchito. Gwirizanani kuti asinthe chinthu chimodzi kapena ziwiri pa nthawi imodzi, akupatseni chakale chomwe wachotsa, ndipo inu muyezenso thanki ina musanalole china. Wina akathamangira kunena kuti injini itsitsidwe, pemphani ayambe wayeza compression, mphamvu yomwe chibowo chilichonse cha injini chikupanikizira mpweya. Ndi ntchito ya mphindi zosakwana ola, ndipo manambala ake amaoneka pa geji inu muli pomwepo.

Zonsezi zikakhala bwino koma malita a m'kope osagwirizana ndi makilomita, patulani tsiku limodzi. Dzadzitsani thanki muli pomwepo, khalani m'galimoto ulendo wonse wopita ku Blantyre ndi kubwerera, womwe ndi makilomita oposa 120, ndipo mudzadzitsenso pa pampu yomwe ija. Ngati tsiku limenelo yayenda makilomita 14 pa lita pomwe mwezi wonse imaonetsa 8, injini ilibe mlandu. Mwina pali maulendo omwe simuuzidwa, mwina mafuta ogulidwa ndi ochepa kuposa omwe amalembedwa, mwinanso ndi maola odikira pa siteji injini ikulira. Khalani pansi ndi dalaivala, kope lili potsegula, mumufunse za sabata imodzi imodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mafuta aliwonse azibwera ndi lisiti la pa pampu lolembedwa malita.